Alipo okonda waterskiing kuno ku Chipata?

Mnyamata wa ku Kalongwezi:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndinabwera kuno ku Chipata ndi ntchito kuchokera ku Lusaka. Ndili kumeneko, anzanga ankanditenga kupita ku Siavonga, panyanja ya Kariba, ndipo ndi kumene ndinaphunzira waterskiing: umavala maski awiri (timatabwa totsetserekera pamadzi) kumapazi, n'kugwira chingwe, boti n'kumakukoka pamwamba pa madzi. Za mpikisano sindili nazo ayi. Changa ndi kuima bwino, kudumpha funde limene boti lasiya kumbuyo, basi mtima wakhala pansi. Koma kuchoka kuno kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, Siavonga n'kukhalanso patsogolo, ndiye pa Loweruka ndi Sondo zokha sizingatheke.

Kodi alipo ena kuno amene amakonda masewerawa? Nanga madamu athu ano munthu angaseweremo? Ndikuganizanso zoitanitsa maski anga, mwina ndikakhala nawo anzanga apezeka msanga.

Bambo wa ku Katete:

Aphwanga, ndalama ya maskiyo muyambe mwaisunga. Ine ndinayendetsapo boti la alendo ku Senga Bay, m'boma la Salima ku Malawi, ndipo amene ankakhalitsa m'masewerawa sanali obwera ndi zipangizo zatsopano. Anali amene eni maboti ankawakonda. Malo okhala ndi boti lokoka anthu amakhalanso ndi maski, chingwe ndi majekete oyandamitsa. Chimene amasowa ndi petulo komanso munthu wodalirika.

Masewerawa ndi a anthu atatu. Pali woyendetsa, maso ake kutsogolo, pali wokokedwa, ndiye pali wachitatu wokhala m'boti atatembenukira kumbuyo, kuyang'anira wokokedwayo. Mpando wachitatuwu ndiwo khomo lanu lolowera. Ambiri amaukana chifukwa aliyense amafuna chingwe, koma inu muziupempha. Mudziwe zizindikiro zonse zimene wokokedwa amapereka: chala chachikulu m'mwamba ndiye kuti onjezani liwiro, chikaloza pansi chepetsani, akadzisisita pamutu akufuna kubwerera kumtunda, dzanja likadutsa pakhosi imitsani boti. Munthu akagwa n'kugwirizanitsa manja pamwamba pa mutu, ali bwino. Akapanda kutero mumakuwa nthawi yomweyo. Chingwe chimakhala cha mamita pafupifupi 23, ndipo injini ikulira mawu safika, ndiye maso anuwo ndiwo moyo wa mnzanu. Mukatero, n'kuthandiza kukulunga chingwe ndi kukankha boti, mwini wake adzayamba kukuimbirani yekha.

Ndipo musamayang'anenso ku Kariba. Nyanja yanu tsopano ili kum'mawa. Mukadutsa pa Mwami kulowa Mchinji, kenako Lilongwe, Salima mpaka Senga Bay, ulendo wonse sufika makilomita 300. Kuyambira 2022 pachipata paja za mbali zonse ziwiri zimachitikira malo amodzi. Pasipoti yokha musaiwale.

Za nyengo mumve bwino. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, ndipo nyanja ikakwiya ngakhale asodzi amakokera mabwato kumtunda. Seputembala mpaka Novembala ndiye nthawi yabwino, makamaka m'mamawa dzuwa lisanakwere, madzi ali phee. Ndiponso mulemekeze asodzi. Woyendetsa wanzeru amapita kutali ndi maukonde, chifukwa funde la boti limatha kugubuduza bwato la munthu amene akusakira ana ake usipa.

Mayi wa ku Kapata:

Achimwene, funso la madamu lija ndiyankhe ine. Madzi a ku Lutembwe ndi amene tauni ino imamwa, ndiye si malo othamangitsiramo boti la petulo. Madamu ang'onoang'ono a kumidzi nawonso ndi osaya, ali ndi zitsa pansi, ndipo ng'ombe zimamwa momwemo. Za Luangwa musaziganize n'komwe, muja ndi mwa ng'ona ndi mvuu.

Ine ndimagwira ntchito ya unamwino, choncho nkhawa yanga ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odikha a m'mphepete, muja muli bango ndi udzu, ndipo timalowa pakhungu, osati pomwa madzi ayi. Kunyanja ya Malawi liliko, ku Kariba liliko. Wokokedwa amayambira m'madzi, atakhala chonyonyomala kudikira boti, ndiye sangalipewe kwenikweni. Muziyambira pamchenga poyera, kutali ndi bango, ndipo mukabwerako, pakapita milungu ingapo, mudzayezetse. Mankhwala ake ndi praziquantel, amapezeka kuchipatala. Zimandiwawa kuona anyamata akubwera magazi atayamba kale kuoneka mumkodzo, pomwe akanathandizidwa msanga.

Jekete nayo muzivala ngakhale mumatha kusambira, ndipo mumange malamba onse. Munthu wogwa boti likuthamanga makilomita 30 pa ola mpweya umamuthera kaye.

Mtsikana wa ku Moth:

Ine sindinayesepo, koma ndimalakalaka kuyambira pamene ndinaona anthu akukokedwa ku Mangochi. Kodi woyamba kumene mungamulandire? Kusambira ndimatha. Ngati vuto ndi ndalama, bwanji tichite ngati chilimba, aliyense azisonkha mwezi ndi mwezi, ikakwana tipite limodzi pagalimoto imodzi?

Bambo wa ku Katete:

Mwana wanga, woyamba kumene ndi amene amasangalatsa kuphunzitsa. Mawondo mumawapinda kufika pachifuwa, nsonga za maski zitulukire pamwamba, chingwe chidutse pakati pake, manja akhale owongoka. Musadzikoke nokha, boti ndi limene likudzutseni. Oyamba ambiri amafulumira kuimirira, n'kugwa chafufumimba. Ndipo mukaona kuti mwagwa, chingwe mutaye pompo. Tsiku loyamba mikono ndi ntchafu zidzawawa, komabe m'mawa mwake mudzafunanso.

Maganizo a chilimbawo ndawakonda. Mwini boti amamvera gulu lobwera ndi petulo wake kuposa munthu mmodzi wofuna ulendo umodzi.

Mnyamata wa ku Kalongwezi:

Zikomo kwambiri bambo, zikomo amayi. Za maski ndaziimitsa, ndalamayo ilowa m'thumba la petulo. Achemwali a ku Moth, mwalandiridwa ndi manja awiri. Galimoto yanga imakwana anthu asanu, ndiye patsala malo atatu. Tiyeni tiloze Okutobala, mwera utatha. Bambo a ku Katete, ngati mungalole kutiperekeza ulendo woyambawu, mpando wakutsogolo ndi wanu, ndipo za chakudya ndi pogona tidzasonkha ife. Amene akufuna alembe pansipa dera limene amakhala, ndi kunena ngati pasipoti ali nayo kale, kuti amene alibe ayambe kuikonza tsopano.