Ana a Sitandade 4 osatha kuwerenga, ndiwathandize bwanji ndili pa TP?

Aphunzitsi ndi makolo muli pagulu pano, ndigaireniko nzeru. Ndine wa IPTE (maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale), ndili pa TP (kuyeserera kuphunzitsa) pasukulu ina kuno ku Mulanje kufupi ndi minda ya tiyi, ndipo andipatsa Sitandade 4. Kalasi ndi yodzadza, ena amakhala pansi mpaka kutsinde kwa bolodi. Tikamawerenga tonse pamodzi milomo imagwedera bwinobwino, mungati onse akutha. Koma mukaloza mmodzi kuti awerenge liwu loti "nyemba", amangoti zyoli. Otere alipo oposa khumi. Kamtsikana kena kamakopera zapabolodi mwaukhondo kuposa onse, chonsecho b ndi d sikasiyanitsa.

Kukoleji tinaphunzira maliwu, maphatikizo ndi njira ya NRP (ndondomeko ya boma yophunzitsira ana kuwerenga) ija yoti mphunzitsi ayambe, kenako tichitire limodzi, kenako ana okha. Zonsezo zimayenda mwana akakhala pa msinkhu wa buku lake. Nanga amene watsalira zaka ziwiri? Sikimu siyidikira, amentala (aphunzitsi ondiyang'anira) akufuna lesoni pulani iyende monga ilili, ndipo chaka chamawa anawa ali Sitandade 5 komwe maphunziro onse kupatula Chichewa ndi m'Chingerezi. Ndiyambire pati?

Mayankho

Mphunzitsi wa ku Luchenza: Musawaike mulu umodzi achimwene. Muitaneni mmodzimmodzi nthawi yopuma, muyeseni malembo, kenako ba be bi bo bu, kenako mawu afupiafupi. Mupeza kuti wina malembo akuwadziwa koma kuphatikiza ndiye kukumukanika, wina ndi mb, nd, ny basi. Mukadziwa zimenezo agaweni timagulu. Mphindi 20 akaweruka zimakwana, bola tsiku lililonse. Mabuku bwerekani a Sitandade 1 ndi 2, koma muwakutire ndi nyuzi, mwana wamkulu amachita manyazi anzake akamuona nalo.

Mayi wa m'gulu la amayi pasukulu: Aphunzitsi, musanawatsalitse kambani ndi ahedi ndi makolo. Kunoko makolo ambiri amalawira kukathyola tiyi, mwana akaweruka amathamangira kukalera mng'ono wake. Tsiku la msika wa ku Limbuli enanso sabwera n'komwe. Ndipo mwana wamkazi musatsale naye nokha m'kalasi, khalani pansi pa mtengo poonekera.

Wina: Imeneyo ndi patitaimu bwana, makolo azilipira kangachepe.

Mphunzitsi wopuma wa ku Thyolo: Ayi, mukayamba ndalama otsalirawo ndi amene sabwera, poti ndi omwewo osowa. Mwanawe, TALULAR unaphunzira ija, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka konko, ndi yomweyi. Dula makatoni, lemba phatikizo limodzi pa kachidutswa kalikonse, ana azilumikiza okha: nye, mba. Kamtsikanako kakhazike kutsogolo, ukaonenso ngati kamaona ndi kumva bwino. Ukakaika, uza ahedi alankhule ndi a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale m'dera) za mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera. Ine ndimati makoleji azitumiza ana athuwa ku TP atayeserapo kale kuphunzitsa mwana mmodzi kuwerenga kuchokera pa a e i o u. Kuima kutsogolo kwa kalasi aliyense amatha.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, makatoni ndikapempha pagolosale mawa. Koma za nthawi zandivutabe. Tikati m'mawa belu lisanalire, ana akalandira phala, alipo anayesapo? Amabwera?