Holo ya kanema ya 1938, eni ake akufuna tiisalaze pansi: tiyambire pati?

Foromani wa ku Rosettenville
Akuluakulu, mwaswera bwanji kumeneko. Ndithandizeni nzeru Lolemba lisanafike. Mpingo wina wagula holo yakale ya kanema kuno kumwera kwa tauni ya Joni, zija azigogo ankati baisikopo. Abusa andipatsa ntchito zitatu: kusalaza pansi, poti pansi pake m'potsetsereka kuchoka kukhomo kutsikira kumene kunali chinsalu, kugwetsa kadenga ka konkire kotulukira pamsewu kuti pakhale chikwangwani cha mpingo, ndi kugumula kachipinda ka m'mwamba momwe munkakhala makina oonetsera kanema. Dipoziti ndalandira kale, anyamata asanu ndi mmodzi ndawauza kuti tiyamba Lolemba. Ndiye dzulo ndakwera makwerero kukayeza kutsogolo, ndikupala penti ndi mpeni, ndangoona manambala otukuka a pulasitala: 1938. Mtima wanga wangoti phwii. Si zija zimamangitsa anthu zimenezi?

Mnyamata wa Jakihama
Bwana musadzivute. Joni muno nyumba zakale zikugwa zokha tsiku ndi tsiku, ndani akuziyang'ana? Ndipatseni masiku awiri, kadengako kadzakhala kali mu tipa.

Mayi Injiniya
Achimwene a jakihama, pepani, koma ayi. A Foromani, imitsani Lolembalo. Lamulo la South Africa losamala zinthu zakale, National Heritage Resources Act nambala 25 ya 1999, gawo 34, limaletsa kugwetsa kapena kusintha nyumba iliyonse yopitirira zaka 60 popanda chilolezo cha ofesi ya m'chigawo. Kuno ku Gauteng ofesiyo ndi PHRA-G. Sizitengera kuti nyumbayo ili pa mndandanda wa nyumba zotchuka kapena ayi, zaka zokhazo zakwana. Ndiponso mawu oti kusintha m'lamulomo ndi otambalala: kupaka penti ndi kupaka pulasitala zomwe zimalowa momwemo. Ngakhale mutapita ndi pulani ku khonsolo, adzakufunsani kalata ya PHRA-G asanadinde.

A boma akabwera kudzaimitsa ntchito, amene amampeza pa sayiti ndi inu, osati abusa. Komanso tisabisane, ena mwa anyamata athu mapepala awo sali bwino. Apolisi akalowa pageti chifukwa cha kadenga, safunsa za kadenga kokha.

Foromani wa ku Rosettenville
Apo mwalasa mayi. Koma abusa ndiwauza chiyani? Iwo akuti akufuna pansi pathyathyathya kuti kwaya izivina, amayi a mvano azidutsa bwino.

Mayi Injiniya
Tandipatsani miyezo kaye.

Foromani wa ku Rosettenville
Mulitali mamita 25, mulifupi 16. Kuchoka kukhomo kufika kutsogolo kwatsika mita imodzi ndi theka.

Mayi Injiniya
Werengani nokha. Dzenje lotero lili ngati mphero yong'ambira nkhuni: 25 kuchulukitsa ndi 16, kuchulukitsa ndi 1.5, kenako theka lake. Ndi makyubiki 300. Mukati muthire konkire yokhayokha, kyubiki imodzi imalemera pafupifupi matani 2.4, ndiye matani 720, magalimoto a miksa okwana 50 a makyubiki sikisi. Mukati muthire dothi ndi zigumukire n'kutsendera, kulemera kutsikako koma kukadali mazana a matani, ndipo dothilo lizikankha zipupa za m'mbali zomwe sanazimange kuti zigwire dothi. Awerengereni abusa mtengo wa zimenezi, muona nkhope ikusintha.

Madala a Pulasitala
Ana anga, ndiloleni nane ndiponyepo. Foromani, pita ukagwade pakati pa holoyo, uyang'ane pansi pomwe panali mipando. Ukapeza tizitsulo tozungulira tooneka ngati bowa, kapena mabowo otsekedwa ndi simenti motsatana mizere, dziwa kuti pansi pako m'phako. Maholo ambiri a nthawi imeneyo ankayendetsa mpweya m'ngalande za pansi, n'kumatulukira kunsi kwa mipando. Gogoda ndi hamala umve kulira kwake. Ukathira katundu wolemera pa silabu yotero, tsiku lina pakati pa mapemphero pansi padzatitimira.

Ine ndinafika muno holo ya kanema ya Colosseum ikadali chilili mu Commissioner Street. Anaitsegula 1933, siling'i yake anaikonza ngati thambo la usiku lokhala ndi nyenyezi. Anthu anakuwa, analemba m'manyuzipepala, koma 1985 inagwetsedwa basi. Ndinkadutsa pamenepo fumbi lili kobooo. Pulasitala wa zokongoletsa za m'menemo, lero ngakhale mutandilipira bwanji, sindingapeze anyamata asanu odziwa kuumba zotero.

Mnyamata wa Jakihama
Madala ndimakulemekezani, koma funso langa ndi ili: chuma chakale chimenechi n'cha ndani? Maholo amenewo munthu wakuda sankaloledwa ngakhale kugula tikiti. Lero tizivutika kusunga khonde lomwe agogo athu ankathamangitsidwapo?

Madala a Pulasitala
Sukunama mwana wanga, pakhomo lakutsogolo sitinkalowa. Koma njerwazo anazinyamula ndani? Matope anaponda ndani? Terrazzo ya pakhomopo, simenti ya timiyala yosalala ija, anaikwecha atagwada ndi anthu ngati iwe ndi ine, ena mwina ochokera konkuja kwathu. Ine ndikaona ntchito yosalala chonchija ndimaona manja, eni ndalama sindiwaona. Ndipo tsono lero amene azilowa pakhomo lomwelo atavala masuti Lamulungu ndi ife. Ukaligwetsa ndiye tilowera pati monyada?

Ku Mofolo, ku Soweto, kuli Eyethu, holo ya kanema ya a Ephraim Tshabalala yomwe inatsegulidwa 1969. Inakhala bwinja zaka zambiri, koma pomanga mashopu pamalopo holoyo sanaifafanize. Anthu a konko eni ake ndi amene ankaiwerengera.

Wa Magetsi ku Turffontein
Nkhani ya ndale ndikusiyirani, ine ndinene za kachipinda ka m'mwambako. A Foromani, zipupa zake n'zokhuthala kuposa zina zonse eti? Chitseko chachitsulo, timawindo ting'onoting'ono toyang'ana m'holo, mwina ndi tizitseko tachitsulo totsika pa timawindopo?

Foromani wa ku Rosettenville
Ngati munalimo. Timawindo tinayi, kamodzi kakadali ndi kachitseko kake kolendewera pa tcheni. Padenga pali paipi yotulukira kunja.

Wa Magetsi ku Turffontein
Sanamange chonchotu mwamasewera. Filimu ya kale inali ya nitrate, ikagwira moto siizimitsika ngakhale muithire madzi. Inasiya kupangidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Nyale ya makinawo inali ya makala a kaboni oyaka ndi magetsi, paipi mwaionayo inkatulutsa utsi ndi kutentha. Ndiye kachipindako ndi bokosi la konkire lotsekera moto kuti usafike kwa anthu. Kugumula kwake jakihama idzalira sabata yathunthu, ndipo mwina kamangiriridwa ku mabimu a chipinda cha m'mwamba chokhalamo anthu. Chonsecho mpingo uliwonse masiku ano ukufuna malo okhala anyamata a zokuzira mawu ndi kamera ya pa Facebook. Malo ake ndi amenewo, okonzakonza, akuona guwa lonse. Auzeni abusa kuti mwawapezera situdiyo yaulere.

Chenjezo langa lili pa mawaya. Mukapeza aja okutidwa ndi labala ndi nsalu musayatse kalikonse, amafumbutuka mukangowakhudza. Mawaya onsewo atuluke, apo ayi CoC, chikalata chotsimikizira kuti magetsi ali bwino, palibe angakusainireni. Ndipo mukapeza zitini za filimu yakale m'kabati, musatsegule pafupi ndi fodya.

Mayi Injiniya
Kuwonjezera pamenepo, denga ndi la chiyani?

Foromani wa ku Rosettenville
Malata otuwa okhuthala aja, a simenti.

Mayi Injiniya
Atengeni ngati asibesitosi mpaka atapimidwa. Girainda isayandikire, ngakhale kutsuka ndi madzi a mphamvu ayi. Malamulo a asibesitosi a 2020 amafuna kontirakita wolembetsedwa pa ntchito yowachotsa. Fumbi lake silipweteka lero, limadzakupeza uli kumudzi patapita zaka makumi awiri kapena atatu ukutsokomola, abale n'kumati wakulodza ndani.

Tsono za pansi paja, maganizo anga ndi awa. Osathira kanthu. Kutsetsereka kwanu ndi pafupifupi 1 pa 17, pomwe SANS 10400 gawo S, ya m'malamulo a zomangamanga, imalola njira ya njinga za olumala kufika 1 pa 12, ndiye m'tinjira ta pakati mutha kusiya momwemo, kungoika popumira. Kutsogolo, mamita asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, mangani nsanja ya zitsulo zopepuka ndi mapulanga, yomanga ndi mabawuti, yoti tsiku lina itha kumasulidwa osasiya bala. Kwaya ivine pamenepo. Kumbuyo kukhale kotsetsereka, aliyense aziona mlaliki popanda kusuzumira pa duku la mnzake. Oona za nyumba zakale amamva msanga mukawasonyeza ntchito yotheka kubweza. Chikwangwani chikhale pa felemu pamwamba pa kadengako, pomwe kale ankalembapo dzina la kanema wa sabata imeneyo.

Pezani akitekiti wozolowera mapepala a PHRA-G. Adzafuna zithunzi, mbiri ya nyumbayo ndi mapulani akale, omwe nthawi zina amapezeka ku khonsolo. Adzaonanso za moto, poti m'malamulo a zomangamanga holo ya kanema ili m'gulu A2 pomwe tchalitchi ndi A4, ndiye makomo othawira ayenera kuwerengedwanso.

Madala a Pulasitala
Ndipo chilolezo chikatuluka, ming'alu ya kutsogoloko usandimatire ndi simenti yolimba ya masiku ano. Pala pang'ono uone ngati muli laimu. Chipupa cha laimu chimapuma. Ukachitseka ndi simenti chinyezi chimatsekeredwa m'kati, njerwa n'kuyamba kufumbwa. Undiitane, ndibwera ndi chipande changa.

Foromani wa ku Rosettenville
Ndabwerako kwa abusa. Poyamba nkhope inali gwaa, akuti ndikufuna kudya dipoziti. Nditawalembera magalimoto 50 aja papepala anakhala chete, kenako anafunsa kuti nsanjayo ingadye zingati. Za situdiyo ndiye mwana wawo wa zokuzira mawu wadumpha ndi chimwemwe. Ndagogodanso pansi monga ananenera madala: mzere wachitatu kuchoka pakati pakulira ngati ng'oma, ndipo tibowa tachitsulo ndapeza tisanu ndi tiwiri pansi pa kapeti.

Vuto latsala ndi anyamata anga, ndinawalonjeza ntchito.

Mayi Injiniya
Atulutse zinyalala, makapeti owola ndi zitosi za nkhunda, atavala zotseka kukamwa ndi mphuno zenizeni, anyowetse kaye asanasese. Padenga asakwere. Chilichonse chomangiriridwa ku nyumbayo, mipando yotsala, zitseko, nyale za m'zipupa, chijambulidwe n'kusiyidwa pomwepo.

Mnyamata wa Jakihama
Ndiye ine Lolemba ndibwere ndi tsache?

Foromani wa ku Rosettenville
Tsache ndi wilibala. Jakihama isiye kunyumba. Mayi Injiniya, nambala ya akitekiti uja munditumizire ku inbox, ndikufuna aone nyumbayi Lachitatu lisanadutse.