Holide yayandikira, ana amaphunzira pakhomo: ndiwakonzere chiyani sabata iliyonse?

Amake Tadala (Area 25, Lilongwe)

Muli bwanji nonse? Ndabwera ndi kamtolo kanga, mundithandize kusenza.

Ana anga awiri ndimawaphunzitsa ndekha pakhomo. Zinayamba mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid. Zitatsegulidwa, wamkuluyo sindinamubwezereko, poti ndinaona kuti pakhonde pano akugwira msanga kuposa m'kalasi modzaza muja. Pano Tadala ali ndi zaka 11, Yamikani 7. Timatsata kalendala ya sukulu za boma. Anzawo akatsekera, ifenso timatseka mabuku, chifukwa simungamuuze mwana kuti alembe masamu anzake akukuwa pa fulaye kuseri kwa mpanda.

Vuto ndi lakuti kwa ana anga holide ndi masiku a sukulu n'chimodzimodzi. Nyumba yomweyo, tebulo lomwelo, mphunzitsi yemweyo atavala chitenje chomwecho. Ndiye ndinaganiza zoti sabata iliyonse izikhala ndi mutu wakewake kuti aziona kusintha.

Chaka chatha ndinakopera ndondomeko ya mayi wina wa ku America pa tsamba la pa intaneti la Pinterest. Abale, ndinazionera ndekha. Sabata ya maapozi, sabata ya zimbalangondo, sabata yogona m'tenti. Chilichonse chimafuna kupulinta, mapepala amitundumitundu ndi guluu. Apozi limodzi ndinagula lija Yamikani anadya tisanalidule n'komwe kuti tione nthanga zake. Pofika sabata yachiwiri ndinali nditafooka, ana n'kuthera pa makatuni, magetsi akazima n'kumamenyana.

Chaka chino kubweranso Chisomo, mwana wa achemwali anga ku Kasungu, wa zaka 9. Mitu imene ndalemba ndi iyi: nyanja, nyama zakutchire, nyenyezi, ndalama, ulimi, mbiri ya Malawi. Kodi ndiyambe ndi uti? Tizichita tsiku lililonse? Ndalama ndiye musandifunse, n'zochepa.

Aphunzitsi Opuma (Dedza)

Zikomo Amake Tadala. Ine ndaphunzitsa pulayimale mpaka imvi zandimera, ndiye ndiyankha ngati mayi wanu, musakhumudwe.

Mitu yanuyo ndi yabwino, koma mwaindandalika ngati mitu ya m'buku la Sitandade 5. Ulimi mwauika wachisanu. Mwanangu, mbewu siidziwa kuti Lachisanu mutu watha. Mukafesa mpiru sabata yachisanu, holide idzatha ana asanalawe ndi tsamba limodzi. Ulimi ukhale woyamba, Lolemba loyambirira lenileni. Ngati malo palibe, dulani zigubu zakale kapena dzazani dothi m'matumba a simenti, sakanizani ndi manyowa a nkhuku owolerana. Aliyense akhale ndi thumba lake, alembepo dzina ndi khala. Mpiru sutenga masiku ambiri kuti umere, ndipo pakatha mwezi mumayamba kuthyola. Nyengo ino ndi yachilimwe, mvula kulibe, ndiye kuthirira m'mawa ndi madzulo kukhala ntchito yawo mpaka holide ithe. Mwana akaiwala kuthirira masiku awiri, musamuthirire ayi. Aone yekha kufota kwake. Phunziro limenelo bolodi silingaphunzitse.

Chachiwiri ndi chimene ndalowera pano. Inu mukufuna nzeru za ku America, chikhalirecho makolo athu anali ndi holide yawo yokonzedwa bwino, dzina lake masanje. Anthu akakolola, ife ana timapita kumunda kukakunkha chimanga ndi mtedza wotsalira. Timamanga tinyumba ta mapesi kuseri kwa mudzi. Wina amakhala bambo, wina mayi, wina mfumu, ndipo pamakhala wina wosafunidwa amene timamusandutsa fisi woba ndiwo. Atsikana amasinja, kupeta, kuphika katsima m'kamphika kobwereka kwa agogo. Anyamata amapita kukakumba mbewa. Milandu timaweruza tokha. Akuluakulu sankalowerera, amangosuzumira patali kuti moto usagwire mapesi. Ine kuphika nsima yosapanga mibulu ndinaphunzirira kumeneko, osati kwa amayi anga.

Ndikudziwa ku Area 25 mapesi ndi ovuta, koma makatoni, masaka ndi nsungwi ziwiri zilipo. Apatseni ngodya ya mpanda, kapu ya ufa, tomato mmodzi, mchere ndi kambaula. Aitane ana a aneba. Ana ophunzira pakhomo chimene chimawasowa si mitu ayi, ndi anzawo okangana nawo. Sabata imeneyo inu ntchito yanu ikhale kuyang'anira moto basi, ndipo akakupatsani nsima yosapsa idyani, muyamikire.

Za mbiri ya Malawi, kwerani minibasi mubwere nawo kuno. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Ku Mphunzi ndi ku Chencherere kumafikika. Zofiirazo anajambula Akafula, zoyerazo anajambula Achewa, zina n'zokhudza chinamwali, zina za Nyau. Mukabwerera, apatseni dothi lofiira, phulusa ndi makala ajambule pamwala kapena pakhoma lakuseri. Zovala zamphepo musaiwale, ku Dedza kuno kumazizira ngakhale mu Ogasiti.

Bambo a Mphatso (Chilomoni, Blantyre)

Amayi a ku Dedza anena zoona, ine ndingowonjezapo pa mutu wa ndalama poti ndinauyesa ndi anyamata anga awiri. Awa amapita kusukulu ndithu, koma holide imatipeza tonse.

Mutu umenewu sufuna kugula kanthu. Tulutsani ndalama zamapepala zimene muli nazo, muziyale pamphasa. Afunseni kuti munthu ali pamenepoyo ndani. Mudzadabwa, ngakhale akulu ambiri amangodziwa Kamuzu wa pa K1,000 ndi K5,000, ndi Chilembwe wa pa K500 ndi K2,000. Pa K200 pali mayi Rose Chibambo, amene atsamunda anawatsekera m'ndende mu 1959 ali ndi khanda. Pa K100 pali James Frederick Sangala, mmodzi mwa amene anayambitsa chipani cha Nyasaland African Congress. Pa K50 pali Inkosi Gomani II, pa K20 Inkosi M'mbelwa II. Mukatembenuza K200 mupeza Nyumba ya Malamulo, yomwe inu a ku Lilongwe mungawaonetse ndi maso ku City Centre, manda a Kamuzu ali chapafupi pomwepo. Ndiye mbiri ndi ndalama zalowa m'thumba limodzi.

Koma chimene chinagwira mtima anyamata anga si zithunzizo. Lachitatu ndinawapatsa ndalama ya ndiwo za tsiku limenelo, ndi kapepala: tomato, anyezi, masamba, usipa. Ndinati chenji chikatsala n'chanu. Ine ndinayenda kumbuyo kwawo ngati sindikuwadziwa. Wamkuluyo, amene kunyumba kuchotsera kwa masamu kumamuliza, ndinamumva akuuza mayi wa tomato kuti, "Amayi, mulu uwu ndi wochepa, ikaniponi banyira." Mayi uja anaseka mpaka kumuwonjezera awiri. Wamng'ono anagula usipa woyamba kuuona osafunsa kwina, ndalama n'kupelewera pa anyezi. Tsiku limenelo tinadya ndiwo zopanda anyezi ndipo palibe amene anamukalipira, koma mkulu wakeyo sanamuiwalitse mpaka lero.

Kenako anapempha okha kuti azigulitsa mafilizesi pageti. Ndinawabwereka mpamba, tinalemba m'kope. Anabweza ngongole sabata yachiwiri. Ndiye Amake Tadala, mutu umenewu musaupatse sabata imodzi yokha ngati wawakomera.

Nangozo

Pepani ndisiyaneko nanu pang'ono. Ana akuphunzira pakhomo chaka chonse, holide yabwera, mukufunanso kuwalembera ndondomeko? Nanga apuma liti? Nanga inuyo mupuma liti? Ife tinakula popanda mitu, m'mawa kusesa, kutsuka mbale, kenako phada ndi jingo mpaka amayi aitane. Mwana akatopa n'kukhala, amadzuka yekha n'kupanga galimoto yamawaya. Atumizeni ku Kasungu masabata awiri akadye chinangwa kwa amayi awo aakulu, inu mugoneko tulo.

Naphiri (Leeds)

Amake Tadala, ine ndili ku England, ndipo wanga wa zaka 8 ndimamuphunzitsanso pakhomo. Kuno n'zololedwa ndipo mabanja ochita zimenezi alipo ndithu, timakumana kulaibulale ndi kupaki. Holide yathu yaitali imayambanso kumapeto kwa Julayi mpaka kuyambiriro kwa Seputembala, ndiye tili m'bwato limodzi.

Zinthu za pa Pinterest zija kuno zimapezeka zonse, koma ndikuuzeni, ngakhale guluu ndi mapepala zilipo, mwana amatopa nazo. Chimene ndaona ine n'chakuti ola limodzi kapena awiri m'mawa, masiku atatu pasabata, n'zokwanira. Masiku enawo n'ngake. Apa ndikugwirizana ndi a Nangozo theka.

Ndikusirirani pa mutu wa nyenyezi. Kuno chilimwe dzuwa limalowa mochedwa kwambiri, mwana amagona kusanade, ndipo kukada magetsi a mumzinda amaphimba zonse. Inu kumeneko miyezi ino kumwamba kulibe mtambo. Kuzima kwa magetsi kumene mukudandaulako ndiye mwayi wanu. Yalani mphasa panja, muwaonetse mlalang'amba. Tadala azijambula mwezi m'kope usiku uliwonse, aone m'mene ukukulira ndi kuchepera. Zimenezi zimatenga pafupifupi mwezi wathunthu, ndiye nazonso muyambe msanga ngati mpiru wa amayi a ku Dedza. Masana zikani ndodo pabwalo, ola lililonse aziika kamwala pamene pathera chithunzithunzi chake. Mawa lake adzakuuzani nthawi osayang'ana foni.

Ife sabata imene imatikomera ndi ya nthano. Timaimbira agogo a mwana wangayu ku Ntcheu pa WhatsApp. Iwo akati "Padangokhala," iye amayankha "Tili tonse" ndi kalankhulidwe ka kuno ku Yorkshire, agogo n'kumwalira ndi phwete. Ndagi ya "nyumba ya amayi yopanda khomo" inamusowetsa mtendere tsiku lonse, mpaka ndinamutsegulira filiji n'kumulozera dzira. Chisomo wochokera ku Kasunguyo mwina akudziwa nthano zimene anuwo sadziwa. Mulekeni iyeyo akhale mphunzitsi sabata imeneyo.

Bambo a Mphatso (Chilomoni, Blantyre)

Ndinaiwala za nyanja. Ngati ya ulendo wa ku Senga Bay palibe, gulani chambo chimodzi chachiwisi, ana apale okha mamba, awerenge zipsepse, atsegule kukamwa. Auzeni kuti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa momwemo, n'chifukwa chake kumapeto kwa chaka boma limatseka usodzi wa makoka kuti nsomba ziswane. Mukatero mukazinge, phunziro lathera m'mimba. Za nyama, muli ndi Lilongwe Wildlife Centre pakhomo panu pomwepo.

Amake Tadala (Area 25, Lilongwe)

Zikomo nonse, ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni m'mene zikuyendera.

Amayi a ku Dedza, ndinamvera. Tinafesa Lolemba loyamba m'matumba atatu a simenti. Wa Chisomo ukukula ngati wa kudimba, mwanayu ntchito ya kumunda akuidziwa kundiposa ine, anandiletsa kuthirira dzuwa lili pamutu. Wa Tadala uli bwinobwino. Wa Yamikani unafota sabata yachiwiri. Manja anandiyabwa kuti ndimuthirire usiku iye atagona, koma ndinakumbukira mawu anu. M'mawa ndinamupeza atanyonyomala pathumba lake akulira mwakachetechete, kapu ili m'manja. Chisomo anazula mbande zinayi m'thumba lake n'kumuwokerera. Pano amadzuka ine ndisanadzuke, ndipo vuto lasanduka kuthirira mopitirira.

Masanje aja ndiye andilanda pakhomo. Ndinati akhale a sabata imodzi, lero ndi tsiku la khumi. Ana a aneba asanu akubwera m'mawa uliwonse. Amanga nyumba ziwiri za makatoni ndi kagolosale, ndalama zake ndi zitsekerero za mabotolo. Tadala anadzipatsa yekha ufumu. Dzulo kunali mlandu wa supuni yosowa, ndinamva ndili kukhitchini akuti, "Wolakwa alipire nkhuku," nkhukuyo ili chigoba cha mtedza. Nsima yoyamba inali phala lolimba lonunkha utsi, ndinadya mbamu ziwiri n'kuthokoza. Yadzulo inali nsima ndithu. Poto wanga wamng'ono wada bii, sindikudziwa ngati adzayerenso.

Kope la mwezi likuyenda, ngakhale masiku ena tinaupeza kulibe madzulo, Tadala n'kumati wasowa. Ndinamudzutsa m'bandakucha n'kuupeza uli pamwamba pa nyumba ya aneba. Anandifunsa chifukwa chake ukuchedwa kutuluka tsiku ndi tsiku, ndinachita kutenga lalanje ndi tochi, ndipo ndikukayika ngati ndinafotokoza bwino.

Mitu ya nyanja ndi nyama sitinaikhudze n'komwe, mwina sitiifika. A Nangozo, musaseke, sabata yomaliza onse atatu akupita ku Kasungu. Koma Yamikani wakana kuchoka mpaka nditalumbira kuti ndizimuthiririra thumba lake kawiri patsiku n'kumutumizira chithunzi pafoni ya amayi ake aakulu.

Amayi a ku Dedza, Loweruka likubwerali tikuganiza zobwera. Tikatsika pa boma, kupita ku Chencherere tikwere chiyani? Ndipo mwana wa zaka 7 angakwere phirilo osanyamulidwa?