Company of Heroes 2 (masewera ankhondo a pakompyuta): MG42 ikundithera asilikali

Mphonda_77: Akuluakulu, pamene mdani watchera mfuti yachiwaya ya MG42 mumadutsapo bwanji? Asilikali akangoyandikira amagona chafufumimba, kenako gulu lonse psiti.

Kamkwamba: Cholakwika ndi kuilowera chamaso, achimwene. Mfuti imeneyi imalavula zipolopolo mbali imene yaloza yokha, ndipo kuti itembenuke ayenera kuipasula n'kuitcheranso, zomwe zimadya masekondi angapo. Gawani asilikali pawiri. Gulu lina libisale kuseri kwa khoma, pamene pakuoneka chishango chobiriwira (chizindikiro cha malo otetezeka bwino), kuti mfutiyo itanganidwe nalo. Linalo lizungulire patali, litulukire m'mbali n'kuponya grenade. Mukawaunjika malo amodzi, onse amapanikizidwa limodzi.

NyenyeziZitatu: Ambiri amaiwala utsi. Mortar (mfuti yoponya mabomba m'mwamba) iponye utsi patsogolo penipeni pa mfutiyo, osati pa anthu anu. Yosaona siwombera. Komanso chizindikiro cha gulu chikafiira, musalimbane nazo, dinani retreat kuti gululo lithawire kumsasa wanu. Kubwezeretsa asilikali atatu kumatchipa manpower (chuma chogulira asilikali) kusiyana ndi kugula gulu latsopano, ndipo nyenyezi zaukatswiri zimene gululo lapeza pomenya nkhondo sizitayika.

Kamkwamba: Koma MG42 ikakhala m'nyumba, zozungulira sizithandiza kwenikweni, imangosintha zenera. Pamenepo tumizani flamethrower (mfuti yolavula moto).