Thandizeni pa integral ya sin 3x cos 5x, mwana wanditsekera pakona

Wa ku Namwera: Aphunzitsi anzanga thandizeni msanga. Ndili ndi mwana wa chaka choyamba ku yunivesite, wabwera ku holide, ndikumuphunzitsa masana. Funso ndi ∫ sin 3x cos 5x dx. Ine ndapeza −cos 8x/16 + cos 2x/4 + C, iye wabwera ndi zake za sin 3x sin 5x ndi cos 3x cos 5x akuti ndi zolondola, ndakhala pa khonde kuyambira 2 koloko thukuta lili kamukamu pepala lachita kunyowa koma sindikuona walakwa pati. Mawa abweranso.

Mkulu wa ku Monkey Bay: Mwanayo wachita by parts (njira ya ∫ u dv = uv − ∫ v du) kawiri. Njira yeniyeni ndi imeneyo achimwene, ma identity (malamulo osinthira sin ndi cos, ngati amene mwagwiritsa ntchito inu) amaiwalika.

Madam a ku Malindi: Yanu ili bwino. sin A cos B ndi theka la [sin(A+B) kuphatikiza sin(A−B)], ndiye mupeza theka la [sin 8x kuchotsa sin 2x]. Chenjerani pa sin(−2x) pamenepo, ana ambiri amataya minus. Ya mwanayo ikakhala 5 sin 3x sin 5x kuphatikiza 3 cos 3x cos 5x zonse pansi pa 16, ndi yomweyo, tambasulani cos 8x ndi cos 2x muona.

Mkulu wa ku Monkey Bay: Mwaona? By parts sinama.

Wa pa Boma: Musathamangire kuthetha ndi cholembera chofiira. Ine ndinalakwitsapo mtsikana wina pa ∫ sin x cos x, iye analemba −cos²x/2 ine ndili ndi sin²x/2 papepala langa, analira mpaka kunyumba, kumapeto zinapezeka kuti zimangosiyana ndi constant. Mpaka lero zimandiwawa. Muuzeni achite differentiate yankho lake pamaso panu basi.

Madam a ku Malindi: Komanso akamayesa ndi manambala calculator ikhale pa radians, osati degrees.

Mkulu wa ku Monkey Bay: Ndikubwerezabe, by parts. Pa mayeso identity ikathawa m'mutu mwana agwira chani?

Wa pa Boma: Akulu, by parts yomweyo ana amasinthanitsa u ulendo wachiwiri n'kubwerera pomwe anayambira, I = I, mphindi khumi zapita. Zoti ndani ali ndi past paper ya integration anditumizireko, yanga inanyowa ndi mvula pa kabaza.