"Vir a carga": wogula akabwera kapena akaona? Ikufunika lero

Wa ku Mwanza:
Anzanga mutu waima. Ndikumasulira kontrakiti ya m'Chipwitikizi ya feteleza wochokera ku Beira, kasitomala akuifuna isanakwane 4 koloko. Ndime ya malipiro ikuti "O saldo será pago quando o comprador vir a carga em Moatize." Ikukamba za nthawi yolipira ndalama zotsala. Makina omasulira andipatsa "wogula akabwera", kasitomala naye akuti ndi kubwera basi, ndisachedwetse ntchito. Ine mtima ukukana. Sikaniyo ndi yakuda bii, sindikuona ngati pamwamba pa a paja pali kamzere kapena ndi kadontho ka inki. Ndidinde chiyani?

Mkulu wa pa Zobue:
Vir ndi kubwera, mwana wanga. Venho, vens, vem, vimos, vindes, vêm. Tinaloweza zimenezi inu musanabadwe. Lembani "akabwera", dindani, mulandire zanu.

Mayi wa ku Ulongwe:
Akulu, pepani, apa pokha ayi. Quando akamakamba za m'tsogolo amakoka futuro do conjuntivo. Tengani mneni wa iwo m'nthawi yapita, muchotse -am. Vieram, anabwera, itsala vier. Viram, anaona, itsala vir. Ndiye quando vier ndi akabwera, quando vir ndi akaona. Achimwene a ku Mwanza, taonaninso zotsatirazo: a carga ndi katunduyo, chinthu choonedwa, ndipo alemba em Moatize. Munthu wobwera akanalemba vier a Moatize. Wogula alipira akaona katundu wake, osati akangotsika basi.

Mkulu wa pa Zobue:
Mayi, zimenezo ndi za m'kalasi. Imani pa geti pano tsiku limodzi mumve madalaivala a ku Tete. "Quando ele vir" amatanthauza akabwera. Wolemba kontrakitiyo ndi munthu wa mathiraki, si mphunzitsi.

Mayi wa ku Ulongwe:
Amalankhula choncho, sindikana, ngakhale ku Lisboa ndi ku Brazil amaphonya pomwepo. Koma chiganizo ichi chilibe cholakwika mukachiwerenga ndi ver, kuona. Mukachiwerenga ndi vir muyenera kukonza malo atatu kuti chiime. Tingakonzere munthu zomwe sanalakwe?

Kalaliki wakale:
Musadinde mongoganizira, achimwene. Chidindo ndi chanu, tsiku la mlandu kasitomalayo sadzakudziwani. Ine ndinakhala m'khoti tsiku lonse chifukwa cha vimos. Mboni inanena "vimos o camião", mnyamata wina womasulira analemba "tabwera ndi thiraki". Munthu amene anangoliona likudutsa anasanduka wokwera nawo, loya wa mbali inayo anachita kunyambita milomo. Vimos ali pawiri: timabwera, komanso tinaona. Tinabwera ndi viemos. Ndipo chimachitikanso mobwerera. Makalata a m'maofesi amayamba ndi "vimos por este meio", ndaonapo wina atalemba "tinaona mwa njira iyi", kalata yopempha chilolezo.

Mnyamata wa ku Beira:
Awiriwa anayandikana kalekale. Vir akuchokera ku Chilatini venire, ver ku videre. M'Chipwitikizi chakale, chomwe chinali chimodzi ndi Chigalisiya, n wa pakati pa mavawelo anagwa, monga luna inasanduka lua. Venire anakhala viir kenako vir, videre anataya d nkukhala veer kenako ver. A ku Spain anasunga n, mpaka lero amati venir. N uja sanafe konse, ndi amene mukumumva mu venho, vinha ndi vim.

Koma mukadandaula ndi izi simunaone Chigalisiya, chilankhulo cha ku Galicia m'dziko la Spain. Kuno kumafika anthu a sitima za nsomba a ku Vigo, mzinda wa ku Galicia komweko. Ndinapatsidwa lipoti la ngozi la mmodzi, ankati ndi Chipwitikizi cholembedwa moipa. Kwa iwo vin ndi ndinabwera, vin yemweyo ndi ndinaona. Amasiyana pa ena: veu ndi viu, viñemos ndi vimos, viñeron ndi viron. Pa mneni wa ine palibe kusiyana. Mukaona veño, vexo kapena ñ aliyense, ikani pansi, si chilankhulo chomwe munagwirizana mtengo wake. Tsegulani dikishonale ya Real Academia Galega kapena bwezani ntchitoyo.

Mkulu wa pa Zobue:
Za ku Vigo zikutikhudza bwanji? Tsegulani dikishonale iliyonse, vir: kubwera. Katundu ali ku Moatize, wogula adzamuona bwanji asanabwere? Ndi chimodzimodzi.

Kalaliki wakale:
Si chimodzimodzi, akulu. Akafika apeze matumba anyowa kapena asowa makumi awiri, "akabwera" akumukakamiza kulipira, "akaona" akumupatsa poimira. Mkangano wonse udzakhala pa mawu amenewo. Achimwene a ku Mwanza, musakonze choyambirira ndipo musamvere zomwe kasitomala akuti anagwirizana pafoni. Pemphani fayilo yeniyeni, osati sikani. Funso lipite kwa wolembayo pa imelo, yankho mulisunge. Akakana, masulirani monga zalembedwera, pansi muike ndemanga ya womasulira.

Mayi wa ku Ulongwe:
Musakhulupirirenso chokonza zilembo cha pa kompyuta, vir ndi vier onse ndi mawu olondola, sichiyika mzere wofiira. Ine ndimatsegula Priberam, dikishonale ya Chipwitikizi ya pa intaneti, ndikuona tebulo lonse la mneniyo. Chenjeraninso ndi para virmos, ameneyo ndi vir weniweni, kuti tibwere, pamene se virmos ndi tikaona.

Wa ku Mwanza:
Kasitomala akuti ndemanga sakuifuna, idzaopseza mnzakeyo. Fayilo akuti alibe, anangotumiziridwa pa WhatsApp. Yatsala ola limodzi.

Mkulu wa pa Zobue:
Ndanena kale. Akabwera.

Mnyamata wa ku Beira:
Tili pomwepa, pa "amaona" inu mukulemba veem kapena vêem? Zikalata za kuno zambiri zidakali ndi kachipewa, koma kasitomala wanga wa ku Porto anandibwezera ntchito akuti mgwirizano wa kalembedwe wa 1990 unakachotsa.

Mayi wa ku Ulongwe:
Funsani kopita chikalatacho musanayambe. Bola musasokoneze ndi vêm, amabwera, ameneyo sanasinthe. Makontrakiti otere mukutchaja pa tsamba kapena pa mawu masiku ano?