Chitofu chachikulu cha gasi chikudetsa mphika ndipo moto ukufooka, tikonze pati?

Moni nonse apagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa bwino zitofu zikuluzikulu za gasi zophikira panja. Gulu lathu la amayi akumpingo limaphika pa maukwati ndi pa maliro, ndipo poona mmene nkhuni ndi makala zakwerera mtengo muno mu Lilongwe, tinasonkherana ndalama n'kugula chitofu chachitsulo cholemera, chija chokhala ndi mizere itatu yozungulira yotulutsa moto, mzere uliwonse ndi kampopi kake. Tikuchigwiritsa ntchito ndi silinda ya makilogalamu 9, regulator (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi potuluka mu silinda) yomwe tinachotsa pa chitofu cha m'nyumba, ndi mphika wa malita 50.

Moto ukuyaka wachikasu ndipo mphika ukuda ndi mwaye kuposa wapamafuwa. Komanso tikatsegula mizere yonse itatu, pakapita kanthawi silinda imazizira mpaka kuchita mame kunja kwake, ndipo moto umafooka phala lisanapse, ngakhale gasi akadalimo. Ena akuti tikuze kabowo kotulukira gasi ndi msomali, ena akuti tigoneke silindayo kapena tiziiviika m'madzi otentha. Ndalama ndi zagulu, choncho sindifuna kuyesa zinthu mwachimbulimbuli.

Bambo wokonza zitofu, Blantyre:
Mayi, kabowoko musakakhudze, chifukwa mukakakuza gasi adzachuluka pomwe vuto lanu ndi kuchepa kwa mpweya, ndipo mwaye udzaonjezereka. Moto wachikasu umasonyeza kuti gasi sakusakanikirana ndi mpweya wokwanira. Yang'anani pamene kampopi kakumana ndi paipi yachitsulo yopita ku mzere uliwonse, mupeza mpata wolowera mpweya, ndipo pa zitofu zambiri pamakhala kachitsulo kotsekula ndi kutseka mpatawo. Yatsani mzere umodzi wokha, mphika uli pomwepo, ndipo tsegulani mpatawo pang'onopang'ono kufikira lawi litasanduka labuluu. Likayamba kulira ndi kudumpha kuchoka pa timabowo, mpweya wachuluka, bwezani pang'ono. Chitani chimodzimodzi ndi mizere inayo. Ngati sizikusintha, zimitsani, chizizire, ndipo mutsuke m'mapaipimo, chifukwa akangaude ndi mavu amakonda kumangamo chitofu chikakhala m'sitolo milungu ingapo. Tiuzeninso zimene zalembedwa pa regulator yanu.

Mphunzitsi wa sayansi, Zomba:
Ndiyankhe za silinda. M'kati mwake gasi amakhala wamadzimadzi, ndipo kuti atuluke ngati mpweya ayenera kuwira, kutentha kwake akumakutenga ku chitsulo cha silindayo. Mukamakoka gasi wambiri nthawi imodzi, chitsulo chimazizira msanga, kuwirako kumachepa, ndipo moto umafooka. Gasi wophikira amakhala wosakaniza propane ndi butane. Propane amawira ngakhale pa madigiri 42 kunsi kwa ziro, koma butane amaleka kuwira pafupi ndi ziro, n'chifukwa chake vutoli limakula m'mamawa wa mu June ndi July komanso silinda ikatsala pang'ono kutha. Ya makilogalamu 9 ndi yaing'ono pa ntchito yanuyi. Pezani ya 19, kapena ya 48 ngati gulu lingakwanitse. Musaigoneke, chifukwa gasi wamadzimadzi akhoza kulowa mu paipi n'kubuka pa chitofu, ndipo musaitenthetse ndi madzi owira kapena moto.

Mayi wophika pa zochitika, Mzuzu:
Amayi anzanga, akatswiri anena zawo, koma nsima ili ndi vuto lake. Pothyakula mphika waukulu chonchi ndi mthiko, mphika umakankhika uku ndi uku, ndipo timiyendo ta chitofu sitingapirire. Pitani kwa owotcherera zitsulo akupangireni choikapo mphika chachifupi ndi chotambalala miyendo, kuti kulemera konse kukhale pa icho. Mphika usagunde pamoto penipeni, pakhale mpata woti lawi lizipuma. Tchingani mphepo ndi lata mbali zitatu, koma musatseke pansi ponse, ndipo silinda ikhale kunja kwa latalo, choimirira, patali ndi moto monga mmene paipi ingafikire. Mukayamba kuthira ufa zimitsani mzere wakunja, apo ayi nsima ipserera m'mbali. Musanayatse tsiku lililonse, pakani thovu la sopo polumikizira ponse, likamafufuma ndiye kuti gasi akutuluka pamenepo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Bambo a ku Blantyre, pa regulator palembedwa 2.8 kPa ndi 1 kg/h. Kodi tigule yofiira ija imene amati ndi yamphamvu kwambiri?

Bambo wokonza zitofu, Blantyre:
Musathamangire yofiirayo, mayi. Nambala yoyambayo ndi mphamvu imene gasi amatulukira, ndipo yachiwiriyo ikutanthauza kuti regulator yanu imadutsitsa kilogalamu imodzi yokha pa ola, zomwe zikhoza kuchepera mizere itatu ikayaka pamodzi. Ngati chitofu chanu chinapangidwira 2.8 kPa, mukufunika regulator ya mphamvu yomweyo koma yodutsitsa gasi wochulukirapo pa ola. Yamphamvu kwambiri ili ndi zitofu zake, ndipo kuiika pa chitofu chosayenera kumaponya lawi lalitali loopsa. Onani chizindikiro chimene chili pa chitofucho kapena pa katoni yake, ndipo pokagula regulator ndi paipi yake munyamule chitofucho kuti ogulitsa gasi ovomerezeka achione okha.